Makina a Pakhonde ndi Misewu ya ku Neno

Pa Zalewa, pa Ligowe ngakhale pa boma penipeni pa Neno, munthu waulumali amene ali pa ntchito amapezeka kawirikawiri pakhonde la sitolo. Telala amene miyendo siigwira amasiya chopondera n'kumangirira chopukusira pa makina: dzanja lamanja likuzunguza, lamanzere likuwongolera nsalu. Sukulu zikayandikira kutsegulira, mayunifolomu amamuunjikira mpaka nsima kudyera pomwepo. Chapafupi pamakhala wosoka nsapato, wokonza mafoni ndi mawailesi, kapena wa Airtel Money ndi Mpamba. Ntchito zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: amene amayenda ndi kasitomala.

Ku Neno nkhani ya kuyenda si yaing'ono. Bomali, lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003, ndi la mapiri, ndipo ndalama zake zili m'munda: mbatata ya kachewere ndi tirigu kumtunda kwa Dambe, manachesi, ndi ziweto kuchigwa cha Lisungwi. Mvula ikagwa, misewu yafumbi imaterera moti ndi galimoto zomwe zimatitimira. Nanga njinga ya olumala ingadutse bwanji?

Ntchito zolembedwa n'zowerengeka: kukhonsolo, m'sukulu, m'zipatala, kumagetsi a EGENCO ku Nkula, ndi kubungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lomwe linafika m'bomali mu 2007. Mwayi ukapezeka, uthenga umamatidwa pabolodi, kulembedwa m'nyuzipepala kapena kulengezedwa pawailesi. Wosaona sauwerenga, wosamva saumva pawailesi, ndipo woyendera ndodo wa kwa Symon amadzaumva tsiku lotsekera litadutsa kale. Apa mpamene ambiri amagwera, asanafike n'komwe pamaso pa wolemba ntchito.

Komatu si anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Malamulo nawonso alipo. La 2012 linaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali, ndipo la 2024 linasandutsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, kukhala MACODA. Bungweli lili ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu, komanso fakitale yoluka nsalu ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, kumene anthu aulumali akhala akudya thukuta lawo kwa zaka zambiri. Koma kwa mtsikana wa kwa Chekucheku, Magomero ndi kutali, ndipo akamaliza maphunziro amasowa makina ndi mpamba. Chomvetsa chisoni china n'chakuti aliyense amangomulozera ku utelala, ngakhale mutu wake uli wa uphunzitsi kapena wowerengera ndalama. Chonsecho Overstone Kondowe, munthu wachialubino, anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota mu 2021. Mwana wa ku Neno ayenera kumva zimenezi ali kusukulu.

Pali khomo lina limene lili kale lotsegula. Kuyambira 2015, zipatala za m'bomali zimaona odwala khunyu, shuga ndi matenda ena okhalitsa pa kiliniki imodzi, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi amayendera khomo lililonse. Wa khunyu amene akumwa mankhwala mosadumphitsa amatha kugwira ntchito ngati wina aliyense. Alangiziwa amadziwa nyumba imene muli mnyamata wosamva amene anakhoza Fomu 4, ndipo m'chikwama chawo muli malo okwanira kalata yolengeza ntchito.