Matiresi a mayi pa chipata cha Mwami

Tidanyamuka pa Kamwendo tambala wachiwiri atangolira, kukuzizira monga kumachitira ku Mchinji mwezi wa Julaye. Chidali chaka cha 2023. Mng'ono wanga amasamukira ku Lusaka kukakhala ndi amuna ake, mbadwa ya ku Chipata, omwe adali atangowatumiza kukagwira ntchito kumeneko. Ine ndidangoti ndimuperekeze mpaka paboda, ndimugwirire ana, ndibwerere dzuwa lisanafike pamutu. Kunyumba ndidakafika usiku, ndipo chomwe chidatichedwetsa adali matiresi.

Matiresi amenewa adagula ndi mayi athu mu 2018, atagulitsa mtedza ndi soya wa chaka chonse. Ankati mwana wawo asakalowe m'banja ndi mphasa yokha, angamuseke kuchimuna. Adali a dabulo, a mainchesi 8, nsalu yake ya maluwa obiriwira. Mayi adatisiya mu 2021. Choncho pomwe alamu anga adanena pafoni kuti, "Asiyeni konko, tidzagula ena ku Kamwala," mng'ono wanga adayankha mosazungulira.

"Mipando ndisiya, kabati ndisiya, koma awa ndinyamula."

Malangizo atatu a malume

Kutatsala sabata imodzi, tidapita kukatsanzika kwa malume, omwe adayendetsa malole pakati pa Lilongwe ndi Lusaka zaka zambiri. Atamva za matiresi, adatikhazika pansi n'kutiuza zinthu zitatu. Choyamba, lembani katundu yense papepala, chinthu chilichonse ndi chiwerengero chake, mukhale ndi mapepala awiri kapena atatu ofanana. Chachiwiri, matiresiwo muwakunthe, muchape nsalu yake, aume bwinobwino, kenako muwakulunge m'pulasitiki n'kumata ndi tepi. Chachitatu, popakira mukhalepo, ndipo tenti ikamangidwa isamasulidwenso inu mulibe.

Ziwiri zoyambazo tidachita. Papepala tidalemba mapoto, mbale, zovala, makina osokera, bedi ndi matiresi awiri: a mayi aja ndi ena aang'ono a ana. Chachitatucho ndiye tidachitaya. Dalaivala wa kalole komwe tidachita hayala adapakira madzulo, n'kupita nako kwawo kuti kakagone kumeneko, ati kuopa akuba. Ife tidaona ngati watithandiza.

Paboda pa masiku ano

Amene adadutsa pa Mchinji kalekale sangapazindikire lero. Mu Disembala 2022, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo Lazarus Chakwera ndi mnzake wa ku Zambia Hakainde Hichilema adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomwe munthu amaima kamodzi kokha. Kale umayamba waima mbali ya Malawi, kudinditsa, kuonetsa katundu, n'kukabwerezanso zomwezo mbali ya Zambia. Pano amene akupita ku Zambia amakaima ku Mwami, komwe ogwira ntchito a mayiko onse awiri amakhala m'nyumba imodzi, ndipo wobwera kuno amaima mbali ya Mchinji.

Mapasipoti sadavute. Mng'ono wanga adali ndi chilolezo chomwe nthambi yoona za olowa ndi otuluka ku Zambia imapereka kwa munthu wokwatiwa kapena wokwatira nzika ya dzikolo, komanso mtchatho wa ukwati ndi makalata a kubadwa kwa ana. Titatha apo tidapita kwa a msonkho. Kwathu kuno ndi a Malawi Revenue Authority, omwe tonse timangoti a MRA, ndipo anzawo a tsidya lija ndi a Zambia Revenue Authority, a ZRA. Bambo wina wa ZRA adatenga pepala lathu, adaliwerenga modekha, n'kunena kuti tenti imasulidwe.

Tenti itatsika, mtima wanga udatsika nayo. Kutsogolo kwa katundu wathu, pafupi ndi mutu wa galimoto, kudali matiresi ena 5 osakulunga, akuda m'mphepete, omangidwa ndi linya.

"Amai, papepala mwalemba yabili. Apa naona seveni. Yenangu aya ni ya ndani?" adafunsa bamboyo m'Chinyanja cha kwawo.

Tisanayankhe, dalaivala adatikokera pambali. "Achemwali, ingonenani kuti ndi anu. Mwasamuka, ndiye katundu wanu salipira. Mukatero tidutsa pompano, ndipo ndikuchotserani pa mtengo wa galimoto." Adaulula kuti adali a munthu wina amene adawagula kwa ana asukulu otsiriza maphunziro, kuti akawagulitse ku Chipata.

Mwana wamng'ono adali atayamba kulira njala. Mng'ono wanga adandiyang'ana. "Akulu, titani? Tingovomera?"

Chomwe lamulo limafunsa

Ndisananene zomwe tidachita, ndifotokoze zomwe dalaivalayo ankafuna kubisalamo, chifukwa ambiri timazimva mwatheka.

N'zoona kuti mayiko ambiri, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi, amalola munthu amene akusamukira m'dzikomo kulowetsa katundu wake wa m'nyumba osalipira msonkho. Koma mwayi umenewu uli ndi zingwe zake. Munthuyo aonetse kuti akudzakhaladi m'dzikomo, osati kudzacheza. Katunduyo akhale wake, yemwe adali naye kale asanasamuke. Akhale woti akagwiritse ntchito yekha ndi banja lake, osati wogulitsa kapena wonyamulira wina. Afike pamodzi ndi mwini wake, apo ayi pasanathe nthawi yomwe lamulo lidaika. Ndipo zonse zilembedwe ndi kuonetsedwa, ngakhale zikhale zosalipira kanthu.

Ndiye wa msonkho akaona matiresi akale, safunsa kuti ndi akale bwanji. Amafunsa kuti ndi a yani, ndipo akupita kukatani. Mayi mmodzi ndi ana awiri, matiresi awiri: nkhani ikumveka. Mayi yemweyo ndi matiresi 7: ameneyo ndi malonda, ndipo malonda ali ndi njira yake, mapepala ake ndi msonkho wake. Ngakhale ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yomwe amayi ambiri a geni amadutsira pa Mwami, imakhudza katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'mayiko mwathu muno amene ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa adagwirizana. Siidakonzedwere katundu wobisa pansi pa dzina la munthu wosamuka.

Kunama pa zomwe wanyamula ndi mlandu m'malamulo a msonkho a mayiko onse awiri. Katundu atha kulandidwa, chindapusa chitha kugwa, ndipo amene wasayina pepala ndi amene amayankha. Dzina lomwe lidali papepala lathu silidali la dalaivala. Lidali la mng'ono wanga, munthu woti akukayamba kumene moyo m'dziko la eni ndi chilolezo chomwe chimafuna kuwonjezeredwa nthawi ikatha.

Zonsezi sindinkazidziwa bwino tsiku limenelo. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti tikati ndi athu, matiresi a mayi akhala gulu limodzi ndi enawo, ndipo chomwe chiwagwere chigwera onse. Ndidabwerera kwa bambo uja n'kunena kuti athu ndi awiri okulungawo, enawo tawaonera pomwepo ngati mmene awaonera iwo.

Chifukwa chake amawaopa

Adaitana mayi wina wa zaumoyo wa pachipatapo. Mayiyo adavala magolovesi, adapinda msoko wa amodzi mwa matiresi 5 aja, n'kutikodola kuti tidzaone. Mudali timadontho takuda ngati ta inki, ndi tizikhungwa toyera. Nsikidzi.

Apa m'pamene ndidamvetsa chifukwa chomwe matiresi akale amawayang'ana ndi diso lina kusiyana ndi mpando kapena poto. Nsikidzi zimabisala m'misoko, zimaikira mazira momwemo, ndipo zimatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi koma osafa. Kuyanika padzuwa kumathandiza chinyezi ndi fungo, koma pa matiresi ochindikala tizilomboti timangothawira kunsi kozizira. Mankhwala ambiri opopera adasiya kuzipha msanga. Si vuto la osauka okha ayi: chakumapeto kwa chaka chomwecho cha 2023, mzinda wa Paris ku France udatekeseka ndi nkhani ya nsikidzi mpaka akuluakulu a boma kulowererapo.

Athu adawamasula mbali imodzi, adaunika misoko yonse, n'kupeza kuti ndi oyera. Pulasitiki ya malume ndi yomwe idawatchinga usiku wonse omwe adagona moyandikana ndi enawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Matiresi 5 aja adawatsitsa n'kuwagwira. Dalaivala adalowa naye mu ofesi, ndipo galimoto yake sidapitirire. Ife tidatsitsa katundu wathu yense pansi, n'kuimbira alamu kuti apeze galimoto ina ku Chipata, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pachipatapo. Idafika dzuwa litapendeka. Ana adadya mandasi ndi nthochi tsiku lonse, atakhala pamwamba pa matiresi a agogo awo.

Nanga kumayiko ena?

Chichitikireni izi, anthu kutchalitchi ndi kumudzi akhala akundifunsa ngati kuti ndine wa MRA. Ndidayamba kufufuza, ndipo ndidapeza kuti dziko lililonse lili ndi kayendetsedwe kake.

Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amapita, katundu wogwiritsidwa kale ntchito salowa wamba popanda chilolezo cha bungwe loona za malonda a kunja la ITAC. Munthu wosamukira kumeneko amalowetsa katundu wake wa m'nyumba kudzera ku bungwe la msonkho la SARS, atalemba fomu yotchedwa DA 304 ndi mndandanda wa katunduyo. Koma izi zimafuna chilolezo chokhala kapena chogwira ntchito m'dzikomo. Amene walowa ndi masiku 30 a mlendo sangati akusamuka.

Ku Ghana, lamulo la 1994 lidaletsa kulowetsa matiresi akale pamodzi ndi zovala zamkati ndi mipango ya m'manja yogwiritsidwa kale ntchito, pofuna kuteteza umoyo wa anthu ku katundu wa kaunjika.

Ku Canada, matiresi akale ali pa mndandanda wa katundu woletsedwa. Amaloledwa akakhala a munthu amene akusamukira kumeneko kapena kubwerera kwawo, apo ayi akhale otsukidwa ndi kufukizidwa mankhwala, pali kalata yotsimikiza zimenezo.

Obwerera kumudzi nawonso asaiwale. Mabasi ochokera ku Johannesburg amafika pa Mwanza ndi pa Dedza ngolo zitadzaza mabedi ndi matiresi. MRA imapereka mwayi kwa Mmalawi amene wakhalitsa kunja ndipo akubwerera kudzakhazikika, koma imafuna umboni wa nthawi yomwe wakhala kunjako. Amene wanyamulira anzake asanu, aliyense matiresi ake, asadabwe akamuwerengera msonkho.

Kwa opita kutsidya kwa nyanja palinso nkhani ya mtengo. Katundu wa pa sitima yapamadzi amalipiritsa potengera malo omwe watenga, ndipo matiresi a dabulo a mainchesi 8 amadya pafupifupi theka la kiyubiki mita. Dziko lathu lilibe doko, ndiye ayambe ayenda pamsewu kapena panjanji kukafika ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Pofika uko, mtengo wonyamulira umakhala utaposa wa matiresi atsopano.

Musanapakire

Kwa amene mukukonzekera kusamuka, nazi zomwe ndidatolapo. Pitani kapena imbani ku ofesi ya msonkho ya dziko lomwe mukupita musanamange katundu, osadalira za m'maluwa kapena za pa WhatsApp. Kwa ife a ku Mchinji n'kosavuta, chifukwa a MRA ndi a ZRA ali pamodzi pachipata, makilomita ochepa kuchokera paboma. Safunsa adadya phula.

Chilolezo chokhala m'dzikomo chituluke kaye, katundu atsatire. Lembani zonse, ngakhale zooneka zachabechabe. Ngati muli ndi lisiti yakale ya katundu wamkulu, isungeni pamodzi ndi pasipoti. Funsani dalaivala ngati galimoto yake ili ndi mapepala odutsira malire ndi inshulansi yogwira ntchito tsidya linalo, ndipo kwerani pamwamba muone nokha tenti isanamangidwe. Anyamata okuuzani kuti akudutsitsani njira za m'tchire pa njinga, asiyeni. Katundu wolowa mozemba alibe pepala, ndipo pa msewu wa Great East wopita ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, pali malo angapo pomwe amaimitsa galimoto n'kufunsa mapepala.

Pomaliza, khalani pansi muwerengere. Ife titaphatikiza hayala ya galimoto yoyamba, yomwe ndalama yake sidabwerere, ndi ya yachiwiri mpaka ku Lusaka, alamu adaseka n'kunena kuti gawo la matiresiwo likadagula atsopano ku Kamwala. Ankanena zoona. Akadakhala matiresi wamba, ndikadalangiza mng'ono wanga kuti awasiyire msuweni wathu amene amalowa m'banja chaka chomwecho.

Pa Khirisimasi ya chaka chatha ndidapita kukawaona. Bedi la kuchipinda kwa eni nyumba lili ndi matiresi atsopano, poti msana wa alamu udayamba kudandaula. A mayi aja adawasamutsira kuchipinda cha alendo, ndipo pakati adayamba kulowa. Ndidagonapo masiku anayi. M'mawa wa tsiku lomaliza, ndikuyalula zofunda, ndidapeza kachidutswa ka tepi ya khaki kadakali komatirira pakona. Ndidafuna kukamatula, mng'ono wanga adandigwira dzanja.

"Kasiyeni, akulu. Ndi ka pa Mwami."