MLEMBI WOTSEKA NJIRA YA MILANDU

Munthu akafuna kugula nyumba ku France, ku Italy kapena ku Argentina, malonda satha ndi kugwirana chanza kokha. Wogula ndi wogulitsa amakaonekera pamaso pa mlembi wa zamalamulo, amene Afalansa amamutcha notaire ndipo Apwitikizi amati notário. Iyeyu ndi munthu wozama ndi malamulo, wopatsidwa mphamvu ndi boma, koma saikira kumbuyo mbali imodzi monga achitira loya m'bwalo la milandu. Amafufuza ngati nyumbayo ilidi ya wogulitsayo ndiponso ngati sinaikidwe chikole pa ngongole, kenaka nawalongosolera onse awiri tanthauzo la zimene akusainira. Paja safunsa anadya phula. Akatha amadinda chikalatacho nachisunga, ndipo makhoti amachilandira monga umboni wovuta kuutsutsa.

Ntchitoyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1200, mumzinda wa Bologna ku Italy, mphunzitsi wina dzina lake Rolandino adalemba buku lophunzitsira alembi otere, limene lidagwiritsidwa ntchito kwa zaka mazana angapo. M'chaka cha 1803, m'nthawi ya Napoleon, dziko la France lidakhazikitsa lamulo lolongosola udindo wao, ndipo maiko ambiri adatengera pomwepo.

Pa 2 Okutobala 1948 nthumwi za maiko 19 zidasonkhana ku Buenos Aires, likulu la Argentina, ndi kuyambitsa bungwe la alembi a dziko lonse lotchedwa UINL. Lero muli maiko oposa 90, monga Japan, Senegal ndi China, imene idalowa m'chaka cha 2003.

Kodi chakulitsa ntchitoyi n'chiyani? Yankho tilipeza kum'mawa kwa Ulaya. Ulamuliro wa Chikomyunizimu utagwa, anthu adayamba kugula ndi kugulitsa nyumba, malo ndi makampani mwaufulu, motero padafunika zikalata zimene aliyense angazikhulupirire. Poland idakonza lamulo latsopano la alembi m'chaka cha 1991, Russia nayo m'chaka cha 1993. Paliponse pamene chuma chisinthana manja, pafunika mboni yosakondera.

Ife kuno ku Malawi tidalandira malamulo a Angerezi, m'mene ntchito ya notary public ndi yochepa, makamaka kuchitira umboni siginecha ndi zikalata zopita kunja. Koma abale athu a ku Tete, ku Mozambique, amakumana ndi dongosolo lochokera kwa Apwitikizi.

Awerengi, amene mudaonapo mai wamasiye ndi ana ake akuchotsedwa m'nyumba chifukwa malemu sadasiye kalata yomveka, mudziwa kufunika kwa nkhaniyi. Mlandu ukafika kukhoti umadya ndalama, nthawi ndi chibale. Mlembi uja amayesetsa kuuletsa usadabadwe. M'chigawo chotsatira tidzaona m'mene alembiwa amasungira makalata a chuma cha masiye.