Zigoli za Chitalu Zili m'Mabuku

Akulu-akulu a kwa Nkomeshya m'boma la Chongwe akali kukumbukira masiku amene mudzi wonse unali kuzinga wailesi imodzi, malemu Dennis Liwewe akufuula dzina la Godfrey "Ucar" Chitalu. Koma umboni wa pakamwa pokha suwina mlandu.

Izi zinaoneka mu 2012 pamene Lionel Messi anamwetsa zigoli 91 m'caka cimodzi, anthu nanena kuti palibe wina anafikapo. Bungwe la FAZ linatsutsa, niliti Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 mu 1972. A FIFA sanabvomereze, ati iwo sasunga ciwerengero ca zigoli za m'maligi a maiko.

Bambo Jerry Muchimba anafufuza m'manyuzipepala akale, nawerenga zigolizo masewera ndi masewera, ndipo mu 2015 anatulutsa buku la moyo wa katswiriyu. Mwiniwake sakanatha kumufunsa, popeza Chitalu anafera pa ngozi ya ndeke ku Gabon mu April 1993 pamodzi ndi anthu ena 29, ali mphunzitsi wa timu ya dziko. Za ngoziyo analemba ndi Bambo Jay Mwamba m'buku lochedwa "Crash of the Buffalo", ndipo Bambo Ridgeway Liwena anali atalemba kale "The Zambian Soccer Scene".

Comvetsa cisoni ncakuti mabuku onsewa ali m'Cingelezi. Nkhalamba zambiri za ku Chongwe, zimene zinadzimvera zokha zigolizo pa wailesi, ziyenera kudikira mdzukulu aweruke kusukulu kuti aziwerengere ndi kumasulira.