ARI FOLMAN, MSILIKALI AMENE ANAFUNA KUKUMBUKIRA

Anzathu, lero tiwerenga za munthu wopanga mafilimu. Dzina lake ndi Ari Folman. Kwawo ndi ku Israel, dziko la kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Ntchito yake ndi kulemba nkhani, kusankha anthu ogwira nawo ntchito, ndi kuwatsogolera mpaka filimu itatha.

Chiyambi chake

A Folman anabadwa m'chaka cha 1962 mumzinda wa Haifa. Makolo awo anali Ayuda ochokera ku Poland. Iwo anapulumuka pamene boma la Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Ku Israel achinyamata ambiri amalowa usilikali mwalamulo. A Folman nawonso analowa. M'chaka cha 1982 asilikali a Israel analowa m'dziko la Lebanon. A Folman anali nawo. Anali ndi zaka 19.

Zimene zinachitika ku Beirut

Mumzinda wa Beirut munali malo awiri, Sabra ndi Shatila. Mmenemo munkakhala Apalestina othawa kwawo, pamodzi ndi amphawi a ku Lebanon.

Pa 14 September 1982 Bashir Gemayel anaphedwa ndi bomba. Iyeyu anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa Lebanon. Patapita masiku awiri, gulu lake lankhondo lotchedwa Phalange linalowa mu Sabra ndi Shatila. Linapha amuna, akazi, ana ndi okalamba mpaka pa 18 September. Ena amati anafa anthu 700 kapena 800. Ena amati anaposa 3,000.

Asilikali a Israel anali atazungulira malowo. Usiku ankaponya miuni kumwamba, ndipo m'misewu munkawala. M'chaka cha 1983 komiti yofufuza ya boma la Israel inapeza kuti atsogoleri ena a dzikolo anali ndi mlandu wosaletsa kuphako. Nduna ya chitetezo, Ariel Sharon, inachoka pa udindowo.

Kuiwala

Atachoka ku usilikali, a Folman anaphunzira kupanga mafilimu. Filimu yawo ya Saint Clara inatuluka mu 1996. Anaipanga ndi mnzawo Ori Sivan, ndipo inalandira mphoto ku Israel. Mu 2001 anatulutsa ina, Made in Israel.

Koma panali chinthu chimodzi chosowa. Zaka zoposa 20 zinapita, ndipo a Folman sankakumbukira zimene anaona ku Beirut. Munthu akaona zoopsa kwambiri, nthawi zina maganizo amazibisa.

Iwo sanakhale chete. Anayamba kufunsa anzawo amene anali nawo kunkhondo. Anafunsa mtolankhani amene anafika pamalopo. Anafunsanso akatswiri a za maganizo. Mawu onsewo anawajambula.

Filimu ya zojambula

Pa mawu amenewa anapanga filimu ya Waltz with Bashir. Ntchitoyi inatenga zaka zinayi. Filimuyo inatuluka mu 2008.

Filimuyi ndi yosiyana ndi zina. Nkhani yake ndi ya anthu enieni, koma zithunzi zake ndi zojambulidwa ndi amisiri. Wamkulu wa ojambulawo anali David Polonsky. Chifukwa chiyani anasankha zojambula? Kamera singajambule maloto. Singajambule mantha ali mumtima. Koma dzanja la mmisiri lingathe.

Filimu imayamba ndi maloto a mnzawo wina. Usiku uliwonse amalota agalu 26 akumuthamangitsa. Ndi agalu amene iye anawombera kunkhondo kuti asauwe asilikali polowa m'midzi.

Pang'onopang'ono a Folman akukumbukira. Pomaliza akuzindikira kuti anali m'gulu la oponya miuni ija. Apa zojambula zimatha. Woonera amaona zithunzi zenizeni za mu 1982: mitembo m'njira, ndi amayi akulira.

Mmene anthu anailandirira

Filimuyi inaonetsedwa pa mpikisano wa ku Cannes, ku France. Mu 2009 inalandira mphoto ya Golden Globe ku America ndi ya César ku France. Inalinso pakati pa mafilimu asanu akunja opikisana pa mphoto ya Oscar.

Koma si onse anaiyamikira. Ena anati imalankhula kwambiri za ululu wa asilikali, pamene Apalestina amene anataya abale awo sanapatsidwe mpata wofotokoza. Funso limeneli ndi loyenera kuti nafenso tiliganizire.

A Folman anapitiriza ntchito. Mu 2013 anatulutsa The Congress. Mu 2021 anatulutsa Where Is Anne Frank, filimu ya zojambula yokhudza mtsikana wachiyuda amene analemba za moyo wake akubisala ku Amsterdam, ndipo anafera mumsasa wa Bergen-Belsen mu 1945.

Tikambirane

1. Chifukwa chiyani a Folman anapita kukafunsa anzawo?
2. Chifukwa chiyani filimu imatha ndi zithunzi zenizeni?
3. Kodi amene anawalitsa njira, koma sanaphe, ali ndi mlandu?
4. Ndani winanso anayenera kufunsidwa?