CHIFUKWA CHIYANI MWANA WINA ACHIRA, WINA AGONJA?

Ife amene timayenda m'midzi ya m'tsinde mwa Dzalanyama taziwona kaŵirikaŵiri: ana aŵiri a bere limodzi, ogona pa mphasa imodzi, alumidwa ndi udzudzu womwewo. Wina amva mutu masiku aŵiri nadzuka, mnzake akomoka. Pamaliro anthu ayamba kunong'onezana, ndipo agogo ena osalakwa atchedwa mfiti. Tsono tiyeni tiwone chimene chimachitika m'thupimo.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Pakhomo pa pafupifupi kachipinda kalikonse pali mapuloteni otchedwa HLA, amene anayamba kudziŵika mu 1958 chifukwa cha ntchito ya Jean Dausset wa ku France. Ntchito yawo ili ngati ya mayi woyanika ufa pabwalo: amatenga tizidutswa ta zonse zili m'katimo ndi kutiika poyera. Asilikali a m'magazi, otchedwa maselo a T, amayendera khomo ndi khomo. Akapeza kachidutswa kachilendo, amadziŵa kuti m'nyumbamo mwaloŵa mdani, ndipo amaononga kachipindako pamodzi ndi kachiromboko.

Kachirombo ka malungo nkochenjera. Kamayamba kakhala m'chiŵindi, kenaka nkuloŵa m'maselo ofiira a magazi, amene pakhomo pake palibe chowonetsera chotere chokwanira. Motero nthaŵi yabwino yokagwira ndi pamene kasanatuluke m'chiŵindi.

HLA timalandira kwa makolo, theka kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo mitundu yake ndi zikwizikwi. Mtundu wina umagwira bwino kachidutswa kamene wina amakalephera. Mu 1991 Adrian Hill ndi anzake anapeza ku Gambia kuti ana okhala ndi mtundu wa HLA-B53 sankagwidwa kaŵirikaŵiri ndi malungo aakulu. Ichi si chifukwa chokha ayi. Zakudya, msinkhu wa mwana ndi kuchedwa kupita kuchipatala zimalemeranso. Koma ndithudi abale a mimba imodzi angathe kubadwa ndi zida zosiyana popanda munthu wowalodza.

Pali gulu lachiŵiri la HLA, limene limawonetsa tizidutswa ta zimene maselo ena ameza, kuti maselo a CD4, omwe aja amaŵerengedwa kwa odwala HIV, adzutse chitetezo chonse. Katemera amadzera njira imeneyi. Pa 23 Epulo 2019 Malaŵi anakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana ake, ndipo anayambira pa chipatala chathu cha Mitundu. Katemerayo amaonetsa thupi kachidutswa ka chikopa cha kachiromboko mdani asanafike.

Mwana ayenera kubayidwa kanayi, ndipo kachinayi, kamene kamadza mwana akuyandikira zaka ziŵiri, nkamene makolo timakaiŵala. Akatekisiti a ku Nathenje ndi ku Mitundu, kumbutsani zimenezi m'miphakati. Katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetsa. Mwana wobayidwa agonebe m'masikito, ndipo akatentha thupi apite kukayezedwa tsiku lomwelo.