Oyilo akamadontha pa njinga ya kabaza

Pa siteji ya kabaza pa Boma pano pa Chiradzulu, ine ndimayamba kuyang'ana pansi ndisanayang'ane njinga. Pamene Lifo kapena Boxer yakale yaima, dothi limakhala ndi madontho akuda. Injini zazing'onozi zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi, ndiye dontho lililonse ndi ndalama. Njinga yonyamula anthu awiri ndi thumba la nandolo kupita ku Njuli, oyilo atachepa, pisitoni imatha kugwira.

Anyamata ambiri amathamangira kumata silikoni pomwe aona kunyowa. Ayi, achimwene. Mphepo imakankhira oyilo kumbuyo, ndipo fumbi limabisa gwero lake. Tsukani injini ndi parafini, iume, muwaze ufa pang'ono, muilize mphindi zochepa. Pomwe ufa wayamba kuda, bala lili pomwepo.

Kawirikawiri ndi washala ya bawuti yokhetsera oyilo, gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, kapena silu ya kuseri kwa sipuloketi yakutsogolo, yomwe imatha msanga tcheni ikakungika kwambiri. Onaninso kapaipi kopumira injini: kakatsekeka ndi matope, ngakhale silu yatsopano yogula ku Limbe idzatulutsabe oyilo.

Chomwe chimandiwawa ndi sipanala m'manja mwa munthu waukali. Injiniyi ndi ya aluminiyamu. Mukamanga bawuti mopyola muyeso, mazinga amadyeka. Posintha gasiketi, palani yakale yonse, mumange mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono. Silikoni wochuluka amanyotsokera m'kati n'kukatseka sefa ya oyilo.