Liu la "Pageant" ndi Abale Ace

Tsiku lina ndinapita kukayendera wophunzira wathu amene anali kuyesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina m'tsinde mwa phiri la Michesi, m'boma la Phalombe. M'nkhani imene ana anali kuwerenga munali liu lakuti "pageant," ndipo atafunsa tanthauzo lace, mphunzitsiyo analemba pa bolodi kuti "zionetsero." Pomwepo mnyamata wina anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi?" Anzace anaseka, koma mnyamatayo sanalakwe ai, pakuti masiku ano tikati zionetsero anthu aganiza za khamu loyenda m'miseu ndi madandaulo, monga zinacitika pa 20 July 2011. Colakwa cinali cathu, ife amene tizoloweza aphunzitsi kuganiza kuti liu liri lonse la Cingelezi liri ndi mnzace mmodzi m'Cicewa.

Tiyeni tiyambe ndi kumene liuli linacokera. Linalowa m'Cingelezi zaka zoposa 600 zapitazo, kucokera ku liu la Cilatini lakuti "pagina," limene pa nthawiyo linali kutanthauza gawo la sewero. Mu mzinda wa York ku Mangalande, pa cikondwerero ca Corpus Christi, amisiri anali kucita masewero a nkhani za m'Baibulo pa ngolo zimene anali kuzikoka m'miseu. Gulu liri lonse linali ndi ngolo yace ndi nkhani yoyenera nchito yace: opanga zombo anaonetsa Nowa akupanga cingalawa, ndipo ophika mikate anaonetsa Mgonero wa Ambuye. Ngolo iri yonse pamodzi ndi sewero lace inachedwa "pageant." Masewerowa analekeka pambuyo pa 1569, nayambanso mu 1951.

Lero liuli liri ndi matanthauzo atatu. Loyamba ndilo sewero lalikuru la pabwalo, m'mene eni mudzi okha aonetsa mbiri ya mudzi wao gawo ndi gawo, monga anacita anthu a ku Sherborne mu 1905, motsogozedwa ndi Louis Napoleon Parker. Laciwiri ndilo ulendo waulemerero wa anthu obvala zokongola, monga uja wa ku London pa 2 June 1953, pamene Elizabeth II anabvekedwa cisoti cacifumu. Lacitatu ndilo mpikisano wa ciphadzuwa, monga Miss World amene anayamba mu 1951. Ana athu amva kawirikawiri tanthauzo lacitatuli pa wailesi, kotero kuti mphunzitsi akapanda kucenjera, iwo adzayesa kuti ndilo lokhalo.

Tsono liuli liri ndi abale ace, ndipo ngakhale afanana nkhope, ali yense ali ndi khalidwe lace. "Parade" ndiyo perete, pamene asilikali kapena apolisi aguba m'mizere pamaso pa akuluakulu. "Procession" ndiwo mdipiti, ndipo ungathe kukhala wa cimwemwe kapena wa cisoni; anthu opita kumanda ndi maliro ali pa "procession," koma kunena kuti ali pa "pageant" ndiko kutukwana anamfedwa. "Ceremony" ndiwo mwambo, umene uli ndi malamulo ace ngakhale oonerera palibe. "Festival" ndico cikondwerero ca tsiku lonse kapena masiku angapo. "Show" ndico cionetsero, monga ca zaulimi, kumene mbeu ndi ziweto zikhala pamalo amodzi, ndipo oyenda ndiwo oonerera. "Spectacle" ndico ciri conse cokopa maso, cokoma kapena coopsa, ngakhale nyumba yopsa moto. Koma "spectacles" atanthauzanso magalasi a maso, ndipo ana ambiri agwa m'mbuna imeneyi pa mayeso.

Cifukwa cace, musanalembe liu la Cicewa pa bolodi, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ocita cinthuco ayenda kapena akhala pamodzimodzi? Kodi abvala zobvala zapadera kuti aimire anthu ena? Kodi asimba mbiri? Zitatuzi zikakumana pamaso pa khamu la anthu, pamenepo "pageant" ali kwao.

Mwana wa ku Phalombe safunika kupita ku York kuti amvetse zimenezi, pakuti anabadwira pakati pa gule wa Tchopa wa Alhomwe, amene bungwe la UNESCO linamlemba mu 2014 pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse. Obvina Tchopa amabereka mitolo kumsana, m'mene muli makasu, zikopa za nyama, zida zosakira ndi ziwiya zakale za m'nyumba, ndipo woonerera wanzeru amawerenga m'mitolomo moyo wa makolo. Gule ameneyu amaonekanso pa msonkhano wa Mulhako wa Alhomwe, umene unayamba mu 2008 ku Chonde m'boma la Mulanje. Koma cenjerani: musauze ana kuti Tchopa ndi "pageant" ndi cinthu cimodzi. "Pageant" acitidwa cifukwa ca oonerera, pamene Tchopa abvinidwanso pothokoza zokolola ndi pothira nsembe kwa mizimu pa nthawi ya cilala kapena mliri. Tchopa akhale khomo lolowera m'tanthauzo, osati tanthauzo lenilenilo.

Njira yoposa zonse ndiyo yakuti ana acite okha. Gawani kalasi m'magulu anai, monga amisiri aja a ku York. Gulu loyamba lionetse makolo akufika kucokera ku Mozambique atasenza akatundu ao. Laciwiri lionetse linga la Fort Lister, limene linamangidwa mu 1893 pa mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje kuti litseke njira ya ogula akapolo. Lacitatu lionetse kukwezedwa kwa mbendera ya Malawi pa 6 July 1964, ndipo lacinai lionetse Phalombe akukhala boma paokha mu 1998. Atumeni anawo kwa agogo ao akafunse za zobvala ndi nyimbo, ndipo magulu adutse limodzilimodzi pamaso pa makolo pa tsiku lotsekera sukulu.

M'mawa mwace lembani "pageant" pa bolodi, nimufunse ana kuti alimasulire okha. Wina adzati sewero la mbiri, wina mdipiti wa zobvala, wina cionetsero ca makolo. Musathamangire kusankha limodzi. Lembani onse, ndipo muwasonyeze kuti liri lonse lagwira mbali yace. Mwana amene waona kuti liu limodzi la Cingelezi lifuna mau atatu a Cicewa waphunzira zinenero zonse ziwiri pa tsiku limodzi.